Makala Sangabweze Ngongole ya Woipitsa Nthaka

Alimi anzanga, pali uthenga umene wayamba kumveka m'misonkhano ya zaulimi, ndipo ukubwera utavala bwino. Akuti ngati dimba lanu lalowa poizoni wochokera ku mgodi, ku fakitale kapena kumtaya wa zinyalala, musade nkhawa. Tengani zitsononkho, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza, muzitenthe mpaka zisanduke makala, muwasinje, muthire m'munda, vuto latha. Makala amenewa akatswiri amawatcha biochar. Mbali ina ya uthengawu ndi yoona, ndipo ndikufuna membala aliyense aidziwe bwino. Koma mawu akuti "vuto latha" ndi bodza, ndipo bodza limeneli lili ndi eni ake amene amapindula nalo. Bungwe lathu lisalole kuwasenzera katundu.

Tiyambe ndi poizoniyo. Apa sitikunena za mankhwala ophera mbozi amene amatha mphamvu pakapita masabata. Tikunena za zitsulo monga mtovu, umene umakhala m'mabatire a galimoto ndi a sola, komanso cadmium, arsenic ndi mercury, zimene zilibe ndi dzina lomwe m'Chichewa chifukwa makolo athu sanalimbane nazo. Manyowa amawola, mapesi amawola, koma chitsulo sichiwola. Mtovu ukalowa m'nthaka umakhala momwemo zaka mazanamazana. Sununkha, suoneka, ndipo mpiru womera pamenepo umatha kubiriwira kuposa wa mnzanu. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, kotero kuti amavutika kugwira za m'kalasi, ife n'kumamukalipira kuti ndi waulesi. Mayi woyembekezera amapatsira mwana wake poizoniyu ali m'mimba. Cadmium amaononga impso ndi kufooketsa mafupa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena mosabisa kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosaopsa.

Amene akuganiza kuti izi ndi za maiko akutali afunse anzathu a ku Kabwe m'dziko la Zambia. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa kumeneko, umene kale unkatchedwa Broken Hill, unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 ndipo unatsekedwa mu 1994. Padutsa zaka zoposa 30 chitsekedwereni, koma chimulu cha zinyalala za mgodiwo chikadalipo, ndipo fumbi lake lakhala likugwera m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, pabwalo posewera ana ndi m'timinda ta ndiwo ta kuseri kwa nyumba. Ofufuza a University of Zambia ndi anzawo a Hokkaido University ya ku Japan atayeza magazi a ana a m'makomboniwa anapeza mtovu wochuluka zedi, ndipo ana ena unali utafika pofunika chithandizo cha chipatala mwamsanga. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yoti boma la Zambia likonzere madera oipitsidwa ndi migodi, kuphatikizapo Kabwe. Mumve bwino pamenepo: ngongole, imene idzabwezedwe ndi msonkho wa nzika zomwezo zimene ana awo akudwala. Mu 2020 maloya anakasumira kampani ya Anglo American South Africa ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000. Kampaniyo inakana mlandu. Mu December 2023 khotilo linakana kuti nkhaniyo izengedwe ngati mlandu wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo. Mwana amene anabadwa chaka chimene mgodiwo unatsekedwa lero ali ndi ana ake.

M'dziko lomwelo, pa 18 February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi, malinga ndi chiwerengero chimene chinalengezedwa panthawiyo, anathira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka kukalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, chimanga ndi mtedza za m'mphepete mwa mtsinje zinapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuno kwathu tilibe Kabwe, koma tisadzinamize kuti nthaka yathu ndi yoyera ponseponse. Mtsinje wa Mudi umadutsa m'dera la mafakitale mu Blantyre, ndipo m'zaka za m'ma 2000 ofufuza a pa yunivesite ya Malawi anapeza mtovu ndi cadmium m'mitsinje ya mumzindawo. Kumunsi kwa mitsinje yomweyo kuli anthu amene amatunga madzi ndi makheni kuthirira lepu ndi chayinizi zopita kumsika. Kumtaya wa Mzedi ku Blantyre ndi wa ku Area 38 ku Lilongwe mvula ikagwa madzi ake sakwera kumwamba ayi, amatsikira kwa wina. M'matauni athu mabatire akutha amaswedwa poyera pofuna mtovu wa mkati, zotsala n'kutayidwa pamene nkhuku zikupalasa. Petulo wokhala ndi mtovu analetsedwa m'chigawo chino cha Africa pofika 2006, koma mtovu umene unagwera m'mbali mwa misewu zaka zonse zija sunasamuke.

Zimene makalawa amachitadi

Tsopano tiyeni tiwapatse makalawa ulemu wawo, chifukwa ali nawo. Biochar amapangidwa potentha zotsalira za m'munda pamoto woperewera mpweya, kotero kuti zimapsa n'kuda koma osanyeka mpaka phulusa. Njira yosafuna ndalama ndi ya dzenje lotambalala kukamwa, lopanikizana pansi. Mumakoleza moto pansi pake n'kumathira zitsononkho zouma pang'onopang'ono. Zapamwamba zikayamba kuyera ndi phulusa mumathiranso zina. Lawi la pamwamba ndi limene limadya mpweya ndi utsi, zapansi n'kumasanduka makala. Dzenje likadzaza mumazimitsa ndi madzi kapena kukwirira ndi dothi. Njirayi anaifalitsa ndi a Ithaka Institute a ku Switzerland cha m'ma 2014, ndipo mlimi aliyense amene ali ndi khasu atha kuitsata.

Kachidutswa ka makala otere kamakhala ndi timabowo tosawerengeka, ngati chisa cha njuchi koma tating'ono kwambiri moti diso silingaone. Makoma a timabowoti amakoka tizitsulo tosungunuka m'madzi a m'nthaka n'kutigwira. Kuonjezera apo makalawa amachepetsa asidi monga mmene amachitira laimu, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu yake yaikulu. Mtovu, cadmium, zinki ndi mkuwa zimasungunuka mosavuta m'nthaka ya asidi. Asidi akachepa zimamatirira ku dothi, ndipo muzu wa mbewu, umene umamwa zosungunuka zokha, umazipeza zochepa. Ku China, m'chigawo cha Jiangsu, ofufuza anathira matani 10 mpaka 40 a makala a mapesi a tirigu pa hekitala m'minda ya mpunga yoipitsidwa, ndipo cadmium wolowa mu mpungawo anatsika ndithu. Ngakhale pa nthaka yopanda poizoni makalawa amathandiza kusunga chinyontho ndi chonde. Ku Kaoma, kumadzulo kwa Zambia, makala a zitsononkho okwana matani 4 pa hekitala atathiridwa m'mayenje obzalamo chimanga anakweza zokolola kwambiri pa dothi lamchenga la asidi, ngakhale kuti pa nthaka yachonde ya madera ena kusintha kwake kunali kochepa. Choncho mlangizi amene akuphunzitsa za biochar si mdani wathu, ndipo kalabu imene yaphunzira kupanga ipitirize. Ndingowonjezapo kuti makalawa muziyamba mwawasakaniza ndi manyowa kapena kompositi kwa masabata angapo, chifukwa akathiridwa ouma amayamba ayamwa chakudya cha mbewu.

Koma taonani chimene chachitika m'dimba lija. Mtovu umene unalimo dzulo ulimo lero, osachepa ndi pang'ono pomwe. Galu wachiwewe mukamumanga pachingwe akadali wachiwewe, ndipo akadali pakhomo panu. Chingwe nacho chimatha. Nthaka imabwerera ku asidi pang'onopang'ono, makamaka pamene tikuthira feteleza wa urea kapena sulphate of ammonia chaka ndi chaka, ndipo asidi akabwerera zitsulo zina zija zimamasukanso. Ndani adzabwera kudzayeza pakatha zaka zisanu? Pulojekiti imene inabweretsa maphunziro idzakhala itatseka ofesi, galimoto zake zitagulitsidwa.

Palinso chinthu chimene ophunzitsa ambiri sachitchula. Si chitsulo chilichonse chimene chimamvera makala. Arsenic amachita zosiyana ndi mtovu: asidi akachepa m'nthaka iye amatha kumasuka kwambiri, makamaka m'minda ya mpunga yokhala ndi madzi. Ndiye kuti mlimi amene wathira makala asakudziwa kuti m'dimba mwake muli chitsulo chanji akhoza kukulitsa vuto ndi manja ake omwe. Safunsa anadya phula. Kodi dokotala wake uti amene amapereka mankhwala asanayeze wodwala? Nanga bwanji ife tikuuzidwa mankhwala a nthaka imene palibe anaiyeza?

Makala sathanso kanthu pa fumbi. Ku Kabwe ana ambiri mtovu umawalowa kudzera m'dothi limene amasewerapo, m'manja osasamba opita kukamwa, ndi m'fumbi limene amapuma kapena lomatirira pa masamba a ndiwo. Mutathira makala ngolo khumi m'dimba, mwana wokwawa pabwalo sanatetezedwe. Ndipo ngati madzi othirira akubwerabe ndi poizoni watsopano tsiku ndi tsiku, makala aja amakhuta. Mukukolopa m'nyumba mpopi uli chitsegulire.

Tiwerengere limodzi

Amene amalankhula za biochar m'mahotela sakonda masamu, choncho tiwachite ife. Titenge mlingo wotsikitsitsa wa ku China uja, matani 10 pa hekitala. Ndiye kuti kilogalamu imodzi ya makala pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Dimba la mamita 20 mbali zonse lifuna makilogalamu 400. Potentha m'dzenje, makilogalamu asanu a zitsononkho zouma amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya makala. Choncho dimba limeneli lifuna zitsononkho zokwana matani awiri. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limasiya zitsononkho zolemera pafupifupi makilogalamu 10. Kuti mupeze matani awiri mufunika zitsononkho za matumba pafupifupi 200. Ndi angati mwa ife amakolola matumba 200? Ndipo kadimba kameneka sikakwana ndi limodzi mwa magawo khumi a ekala.

Wina anena kuti onjezerani mapesi. Mapesi omwewo alangizi anatiuza kuti tiziphimbira nthaka. Omwewo ng'ombe ndi mbuzi zimadya m'chilimwe. Zitsononkho nazo si zinyalala pakhomo pa mlimi, ndi nkhuni zimene mayi amaphikira nsima pamene mitengo inatha kalekale. Amene adzatole, kuyanika, kusenza, kutentha ndi kusinja zonsezi tikumudziwa: ndi mayi yemweyo ndi ana ake, ntchito yopanda malipiro, yokonza zimene anaononga ena amene analandira phindu. Komanso zotsalira za m'munda woipitsidwa kale sizingagwire ntchitoyi, chifukwa zitsulo monga mtovu zambiri zimatsalira m'makalamo, zitaunjikana pamodzi. Mapesi a fodya ndi oyenera kusamala nawo kwambiri poti fodya amayamwa cadmium kuposa mbewu zambiri. Matabwa opaka penti, mapolo onyikidwa m'mankhwala ndi zinyalala za kumtaya musaziyandikize n'komwe kudzenje. Ndiye kuti mlimi amene akufunitsitsa makalawa ndi yemweyo amene ayenera kukagula zopangira kwa ena.

Tisaiwalenso kuti kunja kuno makala a biochar asanduka malonda. Pali makampani amene amalandira ndalama kuchokera ku maiko olemera chifukwa chokwirira makala m'nthaka, poti kutero kumachepetsa mpweya wotenthetsa dziko. Wina akabwera ndi fomu yoti musayine za makala amene mwapanga, mufunseni kuti ndalamazo akulandira ndani, ndipo zanu ndi zingati pa tani.

Kodi pali kwina kumene woipitsa analipira? Kulipo. Ku Japan, m'chigwa cha mtsinje wa Jinzu m'chigawo cha Toyama, cadmium wochokera ku mgodi wa Kamioka analowa m'minda ya mpunga kwa zaka zambiri. Anthu, makamaka amayi, anadwala nthenda yofewetsa mafupa imene anaitcha itai-itai, kutanthauza kulira kwa munthu womva ululu. Boma linavomereza mu 1968 kuti gwero la nthendayo ndi cadmium wa mgodiwo. Odwalawo ndi mabanja awo anasumira kampani ya Mitsui Mining and Smelting, anapambana mu 1971, ndipo anapambananso pa apilo mu 1972. Sanakhutire ndi chipukuta misozi chokha. Anakakamiza kampaniyo kusayina kuti idzakonza minda ndiponso kuti anthu a m'deralo azilowa mu mgodi kukayendera pamodzi ndi akatswiri odzisankhira okha. Ntchito yosintha dothi pa mahekitala 863 inatha mu 2012, ndipo kampaniyo inalipira gawo la ndalama zake. Zinatenga zaka 40, ndipo zinatheka chifukwa alimi aja anagwirizana n'kukana kutonthozedwa ndi zochepa.

Malamulo athu sali kumbali ya woipitsa. Lamulo loona za chilengedwe la Environment Management Act la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, limatsata mfundo yoti woipitsa ndiye alipire, ndipo linakhazikitsa bungwe la MEPA kuti liziona zimenezi. Chimene chikusowa ndi umboni m'manja mwa mlimi. Mukatengera dothi kokayezetsa, nthawi zambiri amakuyezerani asidi ndi chonde kuti mudziwe feteleza woyenera. Kuyeza mtovu kapena cadmium ndi ntchito ina, yofuna makina ena, ndipo mtengo wake mlimi wa dimba limodzi sangaukwanitse payekha. Pamene palibe chiwerengero palibenso mlandu, ndipo woipitsa amalidziwa bwino lomwe zimenezi. N'chifukwa chake kumutsikira mtengo kulipira maphunziro a tsiku limodzi a kapangidwe ka makala, ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi chithunzi cha m'nyuzipepala, kusiyana ndi kuyeretsa madzi ake asanawataye mumtsinje.

Ndikudziwa zimene mamembala ena a m'mphepete mwa matauni akunena chamumtima. Akuti nkhani imeneyi ikamveka anthu asiya kugula ndiwo zathu, mwinanso a khonsolo adzatithamangitsa m'madimba, ndiye kuli bwino tingothira makala mwakachetechete. Mantha amenewa ndi omveka, chifukwa dimba ndilo limalipira fizi ndi kugula sopo. Koma ndiwo zimene timagulitsa ndi zomwezo timadya, ndipo oyamba kudya ndi ana athu. Kuyeza kumatetezanso mlimi. Madimba ambiri akhoza kupezeka kuti alibe vuto, ndipo eni ake adzagulitsa ali ndi pepala m'manja. Pamene papezeka poizoni pang'ono pali zochita: kuthira laimu ndi makala pa mlingo woyenera, kutsuka ndiwo ndi madzi abwino, ndi kusintha mbewu, poti ndiwo zamasamba ndi mbewu za pansi pa nthaka zimatenga mtovu wambiri kuposa tomato kapena njere za chimanga. Pamene papezeka poizoni wambiri mlimi ayenera kupatsidwa malo ena ndi chipukuta misozi, osati kulandidwa khasu n'kuuzidwa kuti aone yekha chochita. Mlimi mmodzi sangakakamize zimenezi. Bungwe lingathe, ndipo ndi chifukwa chake timalipira ndalama ya umembala.

A zankhalango nawo atimve. Lamulo la nkhalango litakhwimitsidwa mu 2020, kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo ife sitikutsutsa, chifukwa mapiri ometedwa mpala tikuwaona tonse. Koma makala a mankhusu a mpunga sadula mtengo. Pakufunika kuti boma linene momveka kuti mlimi wonyamula thumba la makala a zitsononkho kupita nalo ku dimba sali pa mlandu, kuti asamakangane ndi wapolisi pa rodibuloko. Kumbali yathu, kalabu iliyonse ikane membala wodula mitengo ponamizira biochar.

Nkhani yofunika changu kwambiri ndi ya migodi yatsopano. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwanso mu 2025, ndipo maina a Kangankunde ku Balaka, Songwe Hill ku Phalombe ndi Kasiya ku Lilongwe akumveka pawailesi kawirikawiri. Sindikunena kuti migodi imeneyi yaipitsa munda wa munthu. Ndikunena kuti nthawi yoyeza dothi ndi madzi ndi ino. Mudzi umene sunayezetse nthaka yake mgodi usanafike pachimake sudzatha kutsutsa kampani ikadzati zitsulozo zinalimo kale m'nthaka mwachilengedwe. Makampani amayeza okha polemba malipoti awo a zachilengedwe, koma malipotiwo ndi mabuku aakulu a Chingerezi amene amakhala m'maofesi. Tikufuna zotsatira za mudzi uliwonse zilembedwe m'chinenero cha anthu a pamalopo, pepala lina likhale kwa amfumu, lina kwa mlembi wa kalabu, ndipo kuyezako kuzibwerezedwa chaka ndi chaka ndi labotale imene alimi avomereza, pa ndalama za kampani. Kumalo kumene anthu akukumba golide m'mitsinje, monga ku Makanjira m'boma la Mangochi, boma liyezenso madzi ngati mulibe mercury, poti okumba golide m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito chitsulo chimenechi.

Msonkhano waukulu usanafike, kalabu iliyonse ikhale pansi ilembe madimba amene amathiriridwa ndi madzi odutsa ku fakitale, ku mgodi, ku galaja kapena kumtaya, dzina la mtsinje ndi chiwerengero cha mabanja odalira pamenepo. Mndandandawo upite kwa nthumwi zanu, ndipo makope ake apite kwa mlangizi, kwa khansala ndi kwa phungu wa dera lanu. Ku msonkhanoko nthumwi zikapemphe kuti bungwe litumize mndandanda wonse ku MEPA ndi ku unduna wa zamalimidwe ndi pempho loti madimbawo ayezedwe, komanso zikakhazikitse mfundo iyi: pamalo pamene akuganiziridwa kuti pali poizoni, bungwe lathu silidzaitanira mamembala ku maphunziro a biochar olipiridwa ndi kampani mpaka kampaniyo itaonetsa zotsatira za kuyeza nthaka ndi madzi a pamalopo, itanena tsiku limene idzasiye kutaya zoipa, ndiponso itavomera kugula makalawo ndi kuwafikitsa kumunda yokha.